Tisamathamangitse munthu kuchipatala magazi akutuluka, tiyambe tawatseka

Kuno ku Mangochi palibe angatinene kuti ndife ouma mtima. Pakachitika ngozi pamsewu, olo pakhale patchire poti palibe ndi nyumba yomwe, mphindi ziwiri sizikwana anthu adzadza kale, wina wasiya dengu la usipa, wina wagwetsa njinga, azimayi ayamba kale kulira munthu osamudziwa nkomwe. Mtima nde tili nawo. Chomwe chikutipweteka ndi manja athuwa, sadziwa chochita, nde amangochita chomwe tinazolowera, kunyamula munthu, kumuponya mugalimoto yoyamba kuima nkumakuwa kuti adalaivala pondani moto. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi chikupha anthu oti akanakhala moyo, ndipo ndikunena motsimikiza chonchi chifukwa ndinanyamulapo nawo.

Kunali chakumadzulo pamsewu wopita ku Monkey Bay, mnyamata wa kabaza anawombana ndi pikapu. Mutu wake unali bwinobwino, amayankhula, amangofunsa za njinga kuti kodi eni ake akawauza chani. Koma pantchafu chitsulo chinamung'amba, ndipo magazi sikuti amadontha ayi, amatuluka mwamphamvu ngati paipi yobooka, motsatana ndi kugunda kwa mtima. Tinalipo anthu oposa 30. Mafoni anatuluka, ena kujambula vidiyo, wina anabweretsa madzi a mujumbo kuti amwe, wina amamukupiza ndi katoni, ndipo ife anayi tinamugwira manja ndi miyendo nkumukweza kumbuyo kwa galimoto ina. Panalibe ndi mmodzi yemwe anaika dzanja pabalapo. Mayi wina wogulitsa nsomba anavula chitenje chake chapamwamba nkutiponyera, akuti ana inu mumangeni pamenepo, ife tinachiwakha nkumufunditsa nacho basi. Tisanafike pa boma anali atasiya kuyankhula, ndipo sanayankhulenso.

Nditawafotokozera alamu anga omwe ndi anamwino, anakhala chete kanthawi kenako anangoti, alamu, chitenje chomwecho mukanachipinda nkudinikiza nacho, mwanayo akanafika wamoyo. Mawu amenewo sanandichokebe mmutu mpaka lero, ndipo ndi omwe anandichititsa kuti ndipite kukaphunzira chithandizo choyamba, chija ena amati fesiti eyidi.

Tamvani masamu ake. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5 basi, kachigubu kamodzi kaja ka mafuta ophikira. Akataya malita 2 moyo wake uli kale pachiswe. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, magazi okwana kupha munthu atha kutuluka mphindi 5 zisanathe. Tsono kuchoka ku Monkey Bay kufika pa boma ndi makilomita opitirira 60, ku Makanjira nde pafupifupi 100 ndipo msewu wake mukuudziwa nokha nthawi ya dzinja, ku Namwera kuli phiri lija la makona okhaokha loti galimoto singathamange. Ndi dalaivala uti angafike pa chipatala mumphindi 5? Olo ambulansi itaima pompo injini ikulira, olo dokotala wake atakhala katswiri wa ku Queens, mpikisano umenewu sangaupambane. Amene angaupambane ndi yemwe waima pafupi, wa kabaza mnzake, mayi wa mandasi, mlovi, mwana wa sukulu wa fomu 2. Boma lathu lino linali ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo chipatala chili kutali, dokotala wawo wa mphindi zoyambirira ndi neba.

Kutseka magazi si sayansi yovuta. Mumatenga nsalu iliyonse yooneka yoyera, chitenje, mpango, malaya, kuipinda, kuiika pabala penipeni nkudinikiza ndi manja onse awiri, mphamvu zanu zonse, osati kusisita. Mukhale chidinikizire mphindi 10 kapena kuposa, ndipo apa mpamene ambiri timalakwitsa, timafuna kusuzumira kuti kodi asiya, nde tikangotukula nsalu timasokoneza magazi omwe anayamba kuundana aja nkuyambiranso pa ziro. Nsalu ikanyowa musaichotse, onjezerani ina pamwamba. Bala likakhala lakuya, makamaka mkhwapa kapena mphechepeche moti simungamange, nsaluyo muilowetse mkati mwa balamo, kuikanyizira ndi zala mpaka litadzadza kenako nkudinikiza pamwamba. Wovulalayo akuwa, mwina akutukwanani kumene, musasiye, muuzeni kuti pepani achimwene ndikudziwa zikuwawa koma ndikasiya mutisiya. Ngati muli mpeni, ndodo kapena chitsulo chobaya musazule, nthawi zambiri ndi chomwecho chatseka mtsempha, inu ikani nsalu mbali ndi mbali kuti chisagwedezeke.

Pena pake kudinikiza sikukwanira, monga mwendo woti ng'ona yautafuna kapena waduka ndi galimoto, magazi akungothamanga. Pamenepo mpofunika kumanga kumtunda kwa bala, ndipo izi ndi za mkono ndi mwendo basi. Nsalu yake ikhale yotambalala ngati zala zitatu kapena zinayi, osati chingwe cha ukonde, waya kapena kalegeni kowonda, zimenezo zimangocheka mnofu magazi osasiya. Muizungulize kumtunda kwa bala, chakuthupi, kutalikira ngati masentimita 5 mpaka 7, osati pa bondo kapena pa chigongono, mumange mfundo, muike kamtengo kolimba kapena sipanala, mumangenso, kenako muzipotokola mpaka magazi asiye, nkumangirira kamtengoko kuti kasabwerere. Lembani nthawi yomwe mwamanga, olo pamphumi pake ndi bolopeni, chifukwa achipatala akafunsa. Ndipo musamasule panjira poti akudandaula, akamasule okha achipatala. Anthu amaopa kuti mwendo uola, zoona ukakhalitsa maola ambiri utha kuwonongeka, koma mkati mwa maola awiri kawirikawiri mwendo umapulumuka, ndipo olo zitavuta, mayi ake angasankhe mwana wa mwendo umodzi osati maliro.

Chomwe chimandiwawa nchoti kumanga kumeneku timakudziwa, koma timakuchita polakwika. Munthu akalumidwa ndi njoka kumunda nde timathamangira legeni, kumanga mwendo mpaka kuda bii, kutema mphini, kuyamwa, kuika mwala wakuda uja. Zonsezi sizichotsa ululu, ndipo njoka ngati mphiri yomwe ululu wake umaononga mnofu, kumanga kothinitsa kumangoonjezera kuola, anthu adulidwa miyendo chifukwa cha legeni osati chifukwa cha njoka. Wolumidwa ndi njoka amafunika kumukhazika mtima pansi, kumuvula mphete ndi zibangili asanatupe, kumangirira mwendowo kuthabwa mosathinitsa kuti usamagwedezeke, nkumunyamula, asayende yekha. Musataye nthawi kusaka njokayo.

Tibwerere pamsewu. Pamalo a ngozi maso athu amathamangira amene akukuwa kwambiri, koma wokuwayo ndiye kuti akupuma. Woopsa ndi uja wagona phee pambali. Munthu akakomoka atagona chagada, lilime limalefuka nkugwera kumbuyo kutseka njira ya mpweya, kapena magazi ndi masanzi zimatsikira mmapapo, nde mumamva akuliza nkonono, anthu nkumati wagona, pomwe akutsamwa. Ubongo ukasowa mpweya mphindi 4 mpaka 6 umayamba kufa. Munthu wotere tamuyang'anani pachifuwa ngati pakukwera ndi kutsika, ikani tsaya lanu pafupi ndi mphuno yake kwa masekondi 10, tukulani chibwano pang'ono, chotsani zomwe mukuziona mkamwa, ndipo ngati akupuma koma sakudzuka mugonekeni chammbali, kamwa italoza pansi, bondo lapamwamba litapindidwa kuti asagubuduke. Pomutembenuza mmodzi agwire mutu kuti uyendere limodzi ndi thupi. Basi, zimenezi zokha, zopanda ndi tambala yomwe, zimapulumutsa anthu.

Nkhani ya madzi nayo tiikambe, chifukwa ndi yomwe imaoneka ngati chikondi kwambiri. Munthu wotaya magazi ambiri amamva ludzu loopsa, amapempha madzi mochonderera, nkovuta kumumana. Koma akamwa atha kusanza nkutsamwa, ndipo ngati akufunika opaleshoni, mmimba modzadza ndi chiopsezo pomugonetsa tulo ku fiyeta. Munyowetseni milomo basi. Wokomoka nde musamuthire kanthu mkamwa ngakhale dontho, kaya ndi madzi, kaya Fanta, kaya mkaka. Chinanso chomwe ambiri sitikhulupirira poti kuno nkotentha, munthu wotaya magazi amazizidwa ngakhale mu Okutobala, thukuta lozizira, zikhatho kuyera, kuyamba kubwebweta, ndipo thupi likazizira magazi saundana msanga. Nde mmalo momuthira madzi ndi kumukupiza, muyalireni katoni kapena mkeka pansi, mumufunditse, mumuchotse padzuwa ngati nkotheka, ndipo muziyankhula naye, mufunseni dzina, kwawo, nambala ya m'bale wake.

Kanyamulidwe kathu kaja, wina dzanja wina mwendo mutu uli lendelende, ndi komwe kumamalizitsa anthu othyoka khosi ndi msana. Munthu wagwa panjinga yamoto, mumtengo wa mango kapena pamwamba pa lole, akudandaula khosi, kapena akuti miyendo sakuimva, dzanzi mmanja, ameneyo mtsempha wa mumsana uli pangozi ndipo ukaduka sulumikizika, ndi wilutcheya moyo wake wonse. Musamudzutse kuti tayesani kuima. Ngati wavala helemeti ndipo akupuma bwino isiyeni. Pezani chitseko, thabwa lalikulu kapena benchi, anthu anayi kapena asanu, mmodzi kumutu ndipo iyeyo ndi amene aziwerenga, mumusunthe ngati chipika chimodzi. Fupa la mwendo kapena mkono likathyoka musalikoke kuti liwongoke, mangirirani nsungwi, thabwa kapena katoni yopinda mbali zonse, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi kwa pothyokapo, ndipo pakasowa chilichonse mwendo wothyokawo muumangirire ku unzakewo.

Ndikudziwa wina anena kuti inu mukuyankhula ngati tili ndi ambulansi pakona iliyonse, kwathu kuno thiransipoti yake ndi kabaza yemweyo. Zoona, ndipo sindikunena kuti munthu asapite kuchipatala kapena tizidikira galimoto yomwe sibwera. Ndikunena za ndondomeko, chiyambe nchani. Mphindi 5 kapena 10 zotseka magazi, kuona kapumidwe ndi kumanga fupa si kuchedwa, ndi zomwe zimapangitsa kuti ulendo wa ola limodziwo ukhale ndi phindu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mukatha apo nde thamangani, ndipo mugalimotomo munthuyo agone, osamukhazika pampando wa minibasi mothithikana, wina akhale naye dzanja lili pabala mpaka pakhomo la chipatala. Wina aimbe foni kutsogolo. Ndipo pitani pachipatala chapafupi kaye, kaya ndi pa Monkey Bay, pa Koche, pa St Martin's ku Malindi kapena pa Mulibwanji ku Namwera, akaike dilipi ndi kuona ngati mpofunika kutumiza pa boma kapena ku Zomba Central.

Kunyanja nako tili ndi zathu. Mwera ukavuta bwato nkugubuduka, kapena mwana wamira pagombe, chomwe timachita ndi kumugoneka nkumamuponda pamimba, pena kumuzondotsa miyendo mmwamba ati madzi atuluke. Madzi omwe amatuluka pamenepo ndi a mmimba, si omwe akumupha, chikumupha nkusowa mpweya, ndipo kufinya mimba kumangokankhira masanzi kumapapo. Womira yemwe sakupuma amafunika kumuuzira mpweya pompo pamchenga, kumugoneka chagada, kutukula chibwano, kutsina mphuno, kuuzira mkamwa kasanu mpaka chifuwa chikwere, kenako kudinikiza pakati pa chifuwa ka 30, mwamphamvu ndi mofulumira, pafupifupi kawiri pa sekondi, nkuuziranso kawiri, kumangobwereza choncho osatopa, mukatopa alowe wina. Akayamba kupuma mugonekeni chammbali, mumuvule zonyowa, mumufunditse, ndipo apitebe kuchipatala olo aoneke kuti ali bwino. Komanso abale, tisamalumphire mmadzi chisawawa, womira amakakamira ndi mphamvu zoopsa ndipo maliro amakhala awiri. Mponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chingwe, kapena mumupatse nkhafi agwire.

Za ng'ona ndi mvuu anthu a mmbali mwa Shire ndi ku Malombe safunika kuuzidwa. Chomwe ndingaonjezere nchoti mano a nyama zimenezi amasiya tizilombo tambiri mkati, nde olo bala lioneke laling'ono, magazi akasiya litsukeni ndi madzi ambiri oyera nkupita kuchipatala tsiku lomwelo. Matumbo akatuluka musawabwezere mkati, phimbani ndi nsalu yoyera yonyowa. Galu akaluma, madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako kuchipatala chifukwa cha chiwewe.

Kupsa ndingodutsapo mwachangu ngakhale ndi komwe kumavulaza ana ambiri mmakomomu, phala, tiyi, mbaula, mafuta okazingira nsomba. Mankhwala ake oyamba ndi madzi ozizira oyera, a pamjigo omwewa, kuthira mosalekeza kwa mphindi 20, mbali zina za thupi la mwanayo zitafundidwa kuti asazizidwe. Osati Colgate, osati dzira, osati mafuta ophikira, osati ufa kapena ndowe. Matuza musaboole, chovala chomwe chamatirira musamatule. Ndipo pabala lililonse tisiye kuthira dothi, phulusa, fodya, zamkati mwa batire kapena buleki fuluwidi, kafumbata amachokera mu dothi ndi ndowe momwemo, ndipo anamwino amataya nthawi yambiri kukolopa zomwe tapakazo asanayambe kusoka.

Tsono funso nloti, ngati zili zophweka chonchi, bwanji anthu 30 tinangoima? Kusadziwa ndi chifukwa chachikulu koma si chokhacho, palinso mantha, ndipo mantha ake sindingawapeputse. Oyamba ndi a magazi, anthu amaopa HIV. Khungu lopanda bala kachilombo sikalowa, ndipo jumbo yomweyi yogulira tomato mukaivala mmanja yakwana kukhala golovesi, pakasowa jumbo gwiritsani nsalu yokhuthala kapena dzanja la wovulala mwini wake nkudinikiza pamwamba pake, mukatha sambani ndi sopo. Ngati magazi akugwerani mmaso kapena pachilonda chanu, kuchipatala kuli mankhwala a PEP, oteteza kuti HIV isakhazikike mthupi, omwe amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Mantha achiwiri ndi a polisi, anthu amati ukamugwira nkufera mmanja mwako uyamba kuyenda kupolisi ngati ndiwe wamupha, nde bola kungoonerera. Apa ndikupempha akuluakulu apolisi ndi achitetezo cha mmudzi, nenani poyera, pamisonkhano ya mafumu ndi pawailesi, kuti wothandiza wovulala si wolakwa, ndipo zioneke mmachitidwe, munthu akapereka dzina ndi nambala azipita kwawo. Mantha achitatu sitimawatchula kawirikawiri, wovulala akakhala mzimayi, abambo amabwerera mmbuyo, kuopa kugwira mkazi wa mwini, makamaka bala likakhala pantchafu kapena pachifuwa. Ulemu ndi wabwino, ndipo njira ilipo, azimayi atsogole, ena atchinge ndi zitenje, koma pakakhala palibe mzimayi wina, bambo agwire ndithu. Mashehe athu ndi abusa atithandize kunena zimenezi ku mzikiti ndi kutchalitchi, anthu akamva kwa iwo amamasuka.

Pali khalidwe lina lomwe silichokera ku mantha ndipo likundinyansa. Ngozi ikangochitika gulu limathamangira dalaivala, kumumenya, kuphwanya magalasi, pena kuotcha galimoto, wovulala ali gone pansi magazi akutha. Mapeto ake madalaivala anaphunzira kuthawa, ndipo galimoto yomwe ikanamunyamula munthuyo ndi yomweyo yathawayo kapena ikuyakayo. Enanso amapisa mmatumba mwa wokomoka kutenga foni, foni yomwe tikanaimbira abale ake. Ndipo ojambula aja, mayi amaona mwana wake pa WhatsApp ali mmagazi asanauzidwe ndi munthu. Ngati manja anu akuopa magazi ntchito zina zilipo, imani patali mbali zonse ziwiri muziimitsa magalimoto ndi nthambi kuti pasachitike ngozi yachiwiri, zimitsani injini, letsani osuta fodya pafupi ndi petulo, bwezani gulu mmbuyo, yatsani tochi ya foniyo muunikire amene akuthandiza.

Ena ophunzira amatsutsa kuti kudziwa pang'ono nkoopsa, mukawaphunzitsa anthu wamba tsiku limodzi ayamba kudziyesa madokotala. Ndimawamva, koma taonani bwino, anthuwo akuchita kale zinthu pa ovulala tsiku ndi tsiku, akunyamula, akumwetsa, akupaka, akumanga legeni, sakudikira chilolezo cha wina aliyense. Nde kusankha kwathu sikuli pakati pa dokotala ndi wa kabaza, kuli pakati pa wa kabaza wodziwa ndi wa kabaza wosadziwa. Ndipo si ife oyamba kuganiza zimenezi, ku Ghana anaphunzitsapo madalaivala a mataxi ndi maminibasi chithandizo choyamba poona kuti ndi omwe amanyamula ovulala ambiri, ku Kampala ku Uganda anachitanso chimodzimodzi ndi apolisi ndi madalaivala. Ngakhale Red Cross imene inayamba choncho, Henry Dunant atafika ku Solferino ku Italy mu 1859 nkhondo itangomenyedwa kumene anapeza asilikali zikwizikwi ovulala atangosiyidwa, nkusonkhanitsa azimayi a mmidzi yapafupi kuti awatsuke mabala ndi kuwamanga, sanali dokotala iyeyo, anali wabizinesi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu lipoti lake la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo Africa ndi komwe chiopsezo chili chachikulu kuposa kwina konse.

Enanso amati iyi ndi ntchito ya boma, agule ma ambulansi, akonze msewu wa Makanjira, alembe anamwino. Eya, ndipo tisasiye kukuwa za zimenezo, ine ndili nawo limodzi. Koma olo zonsezo zitachitika mawa mmawa, mtsempha wa pantchafu udzakhalabe wa mphindi 5.

Chomwe ndikufuna ine si chachikulu. Siteji iliyonse ya kabaza ili ndi tcheyamani ndipo anyamata amasonkha ndalama tsiku ndi tsiku, bwanji lamulo la pasiteji likhale loti munthu asanayambe kunyamula makasitomala aphunzire kaye tsiku limodzi, ndipo pansi pa mpando pazikhala nsalu ziwiri zoyera mujumbo, magolovesi ndi kamtengo kopotokolera? Madoko athu ali ndi makomiti a asodzi aja timati ma Beach Village Committee, amadziwa bwato lililonse ndi alovi ake, bwanji pabwato lililonse pakhale mmodzi wodziwa kuuzira mpweya? A Malawi Red Cross ali ndi anthu ongodzipereka mmidzimu odziwa kuphunzitsa zimenezi, alangizi a zaumoyo aja timawati ma HSA amafika mudzi uliwonse, ophunzira udokotala a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amabwera kuno ku Mangochi kudzaphunzira zaumoyo wa mmidzi, anthu ophunzitsa sakusowa. Kuphunzitsa kwake kukhale kwa mChiyao ndi mChichewa, kogwira ndi manja pansi pa mtengo, osati kwa mu holo ya kulodge ndi ma alawansi, chifukwa kudinikiza bala sungakuphunzire pa pulojekita, umafunika ugwade, umve mmene manja amatopera pakatha mphindi zitatu. Ma sukulu ndi ma madrasa nawonso, mwana wa sitandade 7 atha kugoneka munthu chammbali bwinobwino. Aphungu ndi makhansala, mumafika msanga ndi bokosi ndi thumba la ufa pamaliro ndipo timathokoza, koma tengani kachigawo kochepa ka ndalama za chitukuko cha mdera mulipirire maphunziro amenewa siteji ndi siteji, doko ndi doko.

Ine ndinayamba ndi pasiteji ya kwathu. Ndinapita kwa atcheyamani nkuwauza nkhani ya mnyamata uja, anandiyankha kuti ankolo, ameneyo timamudziwa, tinakamuika ndife. Anasonkhanitsa anyamata Lamulungu masana, alamu anga anabwera ndi zitenje zakale ndi timitengo, ndipo aliyense anagwada nkumanga mwendo wa mnzake mpaka alamuwo atakhutira. Ena anabwera monyinyirika poti amataya makasitomala, koma atamva za malita 5 aja phokoso linatha. Loweruka lachiwiri la Seputembala chaka chilichonse ndi tsiku la chithandizo choyamba padziko lonse, tagwirizana kuti pofika tsiku limenelo tikhale titafikira masiteji ena awiri oyandikana nafe ndi doko limodzi, ndipo amayi a pamsika apempha kuti nawonso tisawasiye.